Kansomba ka pulasitiki kamagwira bass pamene mwasiya kukoka

Munthu wozolowera kuwedza ndi nyongolotsi ndikamupatsa kansomba ka pulasitiki kofewa, amayamba wakatembenuza m'manja kenako n'kundiyang'ana ngati ndikumupusitsa. Kalibe kachitsulo konyezimira, kalibe mlomo wokamiza, ngakhale mchira wake sugwedera wokha. Mukakaponya n'kumangokulunga chingwe, kamabwera kali ndwii ngati kamtengo. Komabe pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuperekeza owedza pa madamu a ku KwaZulu-Natal, makamaka la Albert Falls kufupi ndi Pietermaritzburg, tsiku likavuta ndimathawira ku kansomba komweka. Dzina lake ndi soft jerkbait, koma m'mashopu a zowedzera ku South Africa ndi ku Zimbabwe mukangoti fluke akupatsani paketi yake.

Kanachokera ku America, kwawo kwa nsomba imene timakawedzera, largemouth bass. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Herb Reed wa kampani ya Lunker City ku Connecticut anatulutsa nyambo yotchedwa Slug-Go, yooneka ngati kachala chabe, ndipo anthu anadabwa kuona kuti nyambo yopanda kayendedwe kakekake ikugwira nsomba kuposa zina zokongola. Kenako kampani ya Zoom ya ku Georgia inabwera ndi Super Fluke, yaitali pafupifupi masentimita 13, ya mchira wamphanda ndiponso yong'ambika kumimba. Dzina loti fluke lija linafala chifukwa cha iyoyo, monga momwe kwathu mankhwala alionse otsukira mano timangoti Colgate. Bass inali itafika kale kuno kumwera kwa Africa. Ku South Africa inalowa mu 1928 n'kuyamba kuswetsedwa ku Jonkershoek kufupi ndi Stellenbosch, ndipo lero ili m'madamu a Mutirikwi ndi Darwendale ku Zimbabwe, la Chicamba ku Mozambique, komanso m'madamu ena a pa phiri la Zomba. Apa ndipatukeko pang'ono: nsomba imeneyi ndi chilombo. M'mitsinje ya ku Western Cape mitundu ya bass inatha tinsomba ta komweko m'malo ambiri, choncho iwedzeni komwe ili kale, musainyamule m'ndowa kukaithira m'madzi otsikira ku Nyanja ya Malawi.

Kuti mumvetse chifukwa chake kamtengo kaja kamagwira nsomba, khalani pansi tsiku lina muonerere usipa kapena kamatemba kovulala. Sikasambira molunjika. Kamathamanga pang'ono n'kukhotera kumbali, kamaima, kamapendekeka n'kuyamba kumira, kenako kamadzidzimuka n'kuthawira kwina. Bass ndi nsomba yobisalira, imakhala duu pansi pa chitsa kapena m'mphepete mwa bango kudikira chakudya chosavuta kugwira. Kansomba kathanzi kamafuna kuthamangitsa, pamene kovulala n'kongotola. Ntchito yonse ya fluke ndi kunamizira kuvulala kumeneko, ndipo bodzalo limamveka bwino kwambiri pa nthawi imene kansomba kaima n'kumamira kokha.

Zonse zimayambira pa kavekedwe ka mbedza, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira tsiku asanaponye n'komwe. Mbedza yake ndi ya mimba yotakasuka, yokhala ndi kakhosi kopindika pafupi ndi bowo lomangapo chingwe. Pa paketi amalemba kuti EWG kapena offset. Kansomba ka masentimita 13 kamafuna saizi 4/0, kakang'ono ka masentimita 10 kamakwana ndi 2/0 kapena 3/0. Gwirani kansomba mimba ikuyang'ana kwa inu. Lowetsani nsonga ya mbedza pakatikati penipeni pa mphuno, ilowe ngati theka la sentimita, n'kuitulutsira kunsi kwa chibwano. Kankhani mutu wa kansomba ukwere mbedza yonse mpaka ukakhale pa kakhosi kaja, bowo la mbedza libisike pang'ono m'mphuno, ndipo potero mutembenuze mbedza kuti nsonga iyang'ane kumimba. Musafulumire kubaya. Yambani mwagoneka mbedza pambali pa thupi muone pamene kupindika kwake kwathera, mugwirepo ndi chala chachikulu. Pamenepo ndiye pobaya. Pindani kansomba pang'ono, lowetsani nsonga mu mng'alu wa kumimba, ituluke pamsana molunjika pa mzere wapakati. Mukamaliza, nsonga igone pamsana, ndipo muikokere kakhungu kochepa ka pulasitiki kuti ibisike. Ikatero imadutsa mu udzu osakola, koma nsomba ikaluma imatuluka msanga.

Tsopano kwezani chingwe, kansomba kalendewere, mukayang'ane kuchokera kumutu. Kakhale kowongoka ngati muvi. Ngati kapindika msana ngati nthochi, ndiye kuti mwabaya kutali kapena pafupi kwambiri. Ngati nsonga yatulukira chakumbali, kadzapendekera mbali imodzi. Kansomba kopindika sikakhotakhota m'madzi, kamangozungulira ngati nguli, ndipo mukaponya kakhumi chingwe chimakhala chitapotana moti chimayamba kudzimanga chokha pa nsonga ya ndodo. Ine ndikalakwitsa ndimazula n'kuyambiranso, ngakhale nsomba zikudumpha pamaso panga. Ndisanaponye kutali ndimayamba ndakagwetsa pambali pa boti n'kukagwedeza kawiri. Kakapita kumanzere kenako kumanja, kali bwino. Kakagubuduka, sikanakonzeke.

Palibe chitsulo cholemeretsa chimene timaika kutsogolo pa kavekedwe kameneka. Kulemera kwa pulasitiki ndi mbedza n'kokwanira kuponya, ndipo n'kumene kumachititsa kuti kansomba kazimira chogona, pang'onopang'ono, kakunjenjemera. Mukaika chitsulo chachikulu kamagwa chamutu ngati mwala, bodza lija latha.

Chingwe chili ndi mbali yake. Cha fluorocarbon chimamira ndipo sichioneka kwambiri m'madzi, choncho chimathandiza kansomba kutsika. Ine ndimakonda chopirira kulemera kwa mapaundi 12 mpaka 15 chisanaduke. Cha nayiloni wamba chimayandama ndiponso chimatamuka, n'chabwino ngati mukufuna nyambo izikhala pamwamba penipeni, koma nsomba ikaluma patali kutamukako kumadya mphamvu yobayira. Cha braid, cholukidwa ndi tiulusi tambiri, sichitamuka n'komwe ndipo chimadula udzu, koma chimaonekera, motero m'madzi oyera timachilumikiza ndi kachidutswa ka fluorocarbon kotalika ngati mita imodzi. Pomanga mbedza mfundo ya Palomar ndi yokwanira, bola muinyowetse ndi malovu musanaikoke. Amene chingwe chikumupotanirabe aike swivel yaying'ono, kachitsulo kozungulira kolumikizira zingwe, masentimita 30 kapena 40 kutsogolo kwa mbedza. Ndodo ikhale ya mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono, yofewa kunsonga koma yolimba pakati, chifukwa mbedza yaikulu chonchi iyenera kuboola pulasitiki kaye isanaboole mlomo wa nsomba.

Tafika pa kayendetsedwe. Mukaponya, musakhudze kalikonse, kasiyeni kamire muwerenge mpaka katatu kapena kasanu. Nsomba zambiri zimaluma pompo, kansomba kakangogwa. Kenako tsitsani nsonga ya ndodo iloze kumadzi, mugwedeze ndi dzanja lokha, osati mkono wonse, kawiri mofulumira, ndipo mukangogwedeza bwezerani nsonga kumene kuli nyambo kuti chingwe chikhwefuke. Apa ndi pamene pagona nkhani. Chingwe chikakhala chokungika, kansomba kamangolunjika kwa inu. Chikakhwefuka, mutu umapeza mpata wokhotera kumbali, thupi n'kutsetsereka lokha. Chokulungira chingwe ntchito yake ndi kungotola chingwe chotsala, osati kukoka nyambo. Mukagwedeza kawiri, imani. Mukagwedeza kamodzi, imaninso. Nthawi zina katatu. Musakhale ndi kayimbidwe kamodzi ngati ng'oma ya sukulu, chifukwa kansomba kovulala sikadziwa kuwerenga.

Kuima kwake kutalike bwanji? Amene amayankha ndi madzi. M'miyezi yotentha, bass zikamathamangitsa tinsomba pamwamba mpaka madzi kuchita thovu, ndimafulumira moti fluke imachita kudumpha pamwamba, kuima kwake sekondi imodzi. Mu Juni ndi Julaye madzi akazizira, nsomba imachita ulesi chifukwa thupi lake limatengera kuzizira kwa madziwo, ndipo ndimatha kusiya nyambo masekondi khumi kapena kuposa. Masekondi khumi ndi ambiri mukagwira ndodo m'manja. Ambiri amafika pa anayi n'kuyamba kuyabwidwa m'zala.

Ndinaperekezapo bambo wina wa kwathu, wogwira ntchito ku Durban, amene anakulira kunyanja ndipo mbedza anaidziwa asanadziwe cholembera. Kunali m'mamawa, madzi ali bata, ndipo anaponya bwino kwambiri pafupi ndi mtengo womira. Kansomba koyera kankaoneka bwinobwino pansi pa madzi. Atagwedeza kachiwiri, chinthu chobiriwira chinatuluka pansi pa nthambi, kukamwa kuli yasa, kansomba n'kuzimiririka. Bamboyo anakoka nthawi yomweyo ndi mphamvu zonse, fluke n'kuuluka kudutsa pafupi ndi khutu langa. "Achimwene, yadya koma yalavula!" Ndinawauza kuti, "Ayi bambo, sinalavule, mwailanda m'kamwa." Zinachitikanso kawiri. Kachinayi ndinawapempha kuti akaona nsomba yatenga anene kaye dzina la mudzi wawo asanakoke. Anatero akuseka, chingwe chinayamba kuyenda chokha chopita kumanzere, ndodo inalemera, ndipo nsombayo inalowa m'boti.

Chimene chimachitika n'chakuti bass siluma ndi mano ngati mcheni. Imatsegula kukamwa mwadzidzidzi n'kukoka madzi pamodzi ndi chakudya, kenako n'kutseka n'kutembenuka. Maso anu amaona kutsegulako, koma mbedza imagwira bwino nsomba ikatseka pakamwa n'kutembenuka. Popeza pulasitikiyo ndi wofewa, ndipo wambiri amamuthira mchere, nsomba siifulumira kumulavula. Ndiye mukaona yatenga, kulungani chingwe chokhwefuka chija mpaka mumve kulemera, kenako kokerani ndodo chakumbali mwamphamvu kamodzi. Koma musachedwenso mopitirira, chifukwa ikameza mpaka kummero imavuta kuichotsa mbedza, ndipo ngati mumafuna kuibwezera m'madzi mwaipha. Nthawi zambiri simudzamva kugunda kulikonse m'manja, popeza chingwe n'chokhwefuka. Muziyang'ana pamene chingwe chalowera m'madzi. Chikadumpha pang'ono, chikayamba kuyenda cham'mbali, kapena chikasiya kumira nthawi isanakwane, ilipo.

Malo ake ndi madzi osaya, kuyambira m'mawondo mpaka mamita awiri kapena atatu, ndiponso oyera ndithu, chifukwa nyambo imeneyi ilibe phokoso, nsomba iyenera kuiona. M'madzi a matope a mvula yoyamba ndimaibwezera m'thumba. Ponyani m'mphepete mwa bango, m'mipata ya udzu wa m'madzi, pamwamba pa zitsa, ndi pansi pa nthambi zolendewera. Pansi pa nthambi fluke ilibe mnzake: mukaiponya chogona, ndodo ili m'munsi, imadumphadumpha pamadzi monga mwala wophwatalala umene tinkaponya tili ana, n'kukalowa mumthunzi momwe nyambo zina sizifika. Nyengo yabwino koposa kuno kumwera ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, madzi akayamba kufunda kufika madigiri 16 mpaka 20, pamene bass zimabwera kosaya kudzaswa. Yamphongo ndi imene imalondera chisa ndi ana, ndipo imalimbana ndi kansomba kalikonse koyandikira. Yoteroyo mukaigwira ibwezereni pompo, chifukwa chisa chikakhala chopanda mlonda mazira amadyedwa. Mu Epulo ndi Meyi zimabweranso kosaya kudzasaka magulu a tinsomba.

Mphepo ikakula, kapena nsomba zikatsikira pansi, pamafunika kulemeretsa pang'ono. Pali mbedza zokhala ndi kamtovu pamimba, ka magalamu awiri kapena atatu, zimene zimamiza kansomba kali chogonabe. Ena amabaya kamsomali kakang'ono m'thupi mwake, ndipo ndi njira yotchipa imene imagwira ntchito, bola kalowe pakatikati. Pamalo popanda udzu mungathe kungokola kansomba pamphuno ndi mbedza yaing'ono yosabisa nsonga. Kamavina bwino kwambiri motero ndipo nsomba siziphonyeka, koma kamakola chilichonse. Palinso kavekedwe ka tinsomba tiwiri pa chingwe chimodzi, kena pa swivel yoyenda momasuka, timene timaoneka ngati tikuthamangitsana. N'kosangalatsa, koma ndimauza oyamba kumene kuti adziwe kaye kuyendetsa kamodzi.

Za mitundu sinditaya nazo nthawi, ngakhale m'shopu mupeza khoma lonse. Woyera ngati mkaka ndi wa tsiku lililonse, ndipo umathandiza wophunzira chifukwa amauona m'madzi. Wobiriwira wa timadontho tofiira, umene amalemba kuti watermelon red, ndi wa madzi oyera kwambiri dzuwa likawala. Wakuda mofiirira ndi wa kukachita mitambo. Itatu imeneyi yakwana.

Nsomba ziwiri kapena zitatu zikaluma, mphuno ya kansomba imang'ambika ndipo mutu umayamba kutsetsereka pa mbedza. Musakataye msanga, paketi ndi yodula. Dulani kachidutswa kakang'ono kumphuno ndi mpeni muvekenso, kapena donthezani kadontho ka guluu wamphamvu pa kakhosi ka mbedza. Tong'ambika pamsana ndimatisunga m'thumba lapadera, madzulo n'kutenthetsa nsonga ya mpeni pa moto, kuipititsa pa bala n'kukanikiza mbali ziwirizo mpaka zigwirane. Totheratu timapita nato kunyumba, chifukwa pulasitiki ameneyu saola m'madzi ndipo nsomba ikamumeza amaitsekera m'mimba. Totsalato tisungeni m'paketi yake yomwe, togona mowongoka, kutali ndi dzuwa, ndipo musasakanize toyera ndi tobiriwira chifukwa utoto umayambukira. Kamene kapindikira m'thumba kaviikeni m'madzi otentha kwa theka la mphindi, mukagoneke pathebulo mpaka kazizire, kadzawongoka.