Tetsuko Kuroyanagi sanatchuke ndi buku lokha

Ambiri kunja kwa Japan amawadziwa mayi Tetsuko Kuroyanagi ngati mlembi wa buku la Totto-chan basi, ena mpaka amaganiza kuti nkhaniyo ndi yopeka. Ayi ndithu. Kamtsikana ka m'bukumo, kochotsedwa sukulu kali m'kalasi yoyamba, ndi iwowo, ndipo sukulu ya Tomoe, komwe kanakaphunzira pambuyo pake, yomwe makalasi ake anali mabogi akale a sitima, inalikodi ku Tokyo mpaka pamene inapsa ndi mabomba mu 1945.

Bukuli likutuluka mu 1981 n'kuti mayiwa atatchuka kalekale. Analowa ntchito ya zisudzo ku NHK, nyumba youlutsira mawu ya dziko la Japan, mu 1953, chaka chomwe wailesi yakanema inayamba m'dzikomo. Chimene chimandigometsa ine ndi pulogalamu yawo yocheza ndi alendo, Tetsuko no Heya, yomwe inayamba mu 1976 ndipo yapyola zaka 45 ikuulutsidwabe.