Kasitima kakale kakakana kuyenda, si kuti mota yapsa

Anthu ambiri akapeza mutu wa kasitima kamagetsi koseweretsa kamene kakhala m'bokosi zaka zambiri, amakaika pa njanji, n'kuyatsa thiransifoma. Kakangolira "mmm" osasuntha, amati mota inapsa, kangotsala n'kutaya. Nthawi zambiri sizikhala choncho.

Mota za tisitima ta Lionel, kampani imene inayamba ku New York mu 1900, n'zolimba kwabasi, makamaka za m'ma 1940 ndi 1950. Chimene chimazigwira ndi girizi wakale amene amauma m'magiya mpaka kulimba ngati phula. Kwinaku commutator, kachitsulo kamkuwa kamene mabulashi a kaboni (tizidutswa todutsitsa magetsi) amakhudza mota ikamazungulira, imakhala itada bii, moti magetsi sadutsa bwino. Mukaumirira kuwonjezera mphamvu, m'pamene mumaiwotchadi.

Tsegulani, palani girizi ndi kamtengo kotokosera m'mano, pukutani commutator ndi thonje lonyowetsa mu sipiriti wa isopropyl mpaka mkuwa uwale, ndipo mabulashi akaperepeseka ikani ena. Mafuta, kadontho kamodzi pa ekiselo basi. Akafika pa commutator amasakanikirana ndi fumbi la kaboni n'kuyamba kufuka. Sitiluwulu musamuyandikize n'komwe: tizidutswa take timakakamira ku maginito n'kuyambitsa shoti.

Matenda osachizika ndi ena, otchedwa zinc pest. Zinki wosakanikirana ndi mtovu, wofala m'mawilo a tisitima ta m'ma 1930, amatupa n'kung'aluka yekha. Mawilo akatero, palibe guluu amene angathandize. Mufunika mawilo ena.