Hita ya pikapu ikamasinthasintha, yambani mwaona madzi

June ndi July akafika, madandaulo amene timalandira kugalaja amafanana, makamaka ochokera kwa iwo oyenda usiku kapena mbandakucha pamsewu wa M1 kudutsa ku Dedza kapena ku Chikangawa. Hita ya pikapu imatenthetsa bwinobwino, kenako popanda woikhudza imayamba kutulutsa mphepo yozizira, galasi lakutsogolo n'kuchita nthunzi, pakapita mphindi zingapo kutentha n'kubwereranso. Ambiri amangovala jekete n'kupitiriza ulendo. Ine ndikamva zotere nkhawa yanga imathamangira ku injini, chifukwa kawirikawiri hita ndiyo imayamba kuulula kuti madzi oziziritsa injini achepa, geji ya kutentha kwa injini isananene kanthu.

Hita ya galimoto ilibe moto wakewake. Kuseri kwa dashibodi kuli karadiyeta kakang'ono kotchedwa heater core. Madzi otentha ochokera mu injini amalowa m'menemo kudzera pa payipi imodzi ya labala n'kutulukira pa ina. Fani imakankha mpweya kudutsa pakaradiyetako, mpweyawo n'kutenthedwa. Palinso kachitseko kamene kamasuntha mukapotoza batani la kutentha, ndipo ndiko kamalola mpweya kudutsa pamenepo kapena kulambalala. Choncho hita ikazizira, mwina madzi otentha sakufika, mwina akufika koma mpweya ukudzera njira ina.

Musanamasule chilichonse, zindikirani kuti kuzizirako kumabwera nthawi yanji. Yankho la funso limeneli limapulumutsa ndalama zambiri.

Ngati hita imazizira galimoto ikaima pamzere, tinene pamlatho wa Lilongwe madzulo, ndiye mukangoponda moto kutentha n'kubwera, kaikirani madzi. Akachepa, malo awo amatengedwa ndi mpweya, ndipo mpweyawo umakonda kukhala pamwamba. M'mapikapu ambiri mapayipi a hita amadutsa cham'mwamba, n'chifukwa chake hita ndiyo imayamba kumanidwa. Injini ikamalira pang'onopang'ono pampu ilibe mphamvu yokankhira madzi mpaka kumeneko, koma mukaponda moto amafika. Ena amamva kuchucha kwa madzi kuseri kwa dashibodi akamakhota kapena akamanyamuka. Umenewo ndi mpweya ukuyenda limodzi ndi madzi.

Pamenepa geji ikhoza kukunamizani. Kachipangizo kamene kamayeza kutentha kamanena zoona kakakhala kali m'madzi. Madzi akatsika n'kukasiya pamtunda, singano ikhoza kukhala pakati ngati zonse zili bwino, kapena kumakwera n'kumatsika, pomwe mutu wa injini ukupsa. Ngati hita yazizira mwadzidzidzi ndipo nthawi yomweyo singano yayamba kukwera, imani pambali muzimitse injini. Musati mungofika kaye pa Kamphata kapena pa Jenda.

Madzi muziona m'mawa injini ili yozizira. Musatsekule chivindikiro cha radiyeta injini yatentha, chifukwa madzi a m'menemo amakhala opanikizidwa ndipo amatha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukangomasula amatumphuka n'kukuwambani kumaso ndi m'manja. Komanso musakhutire ndi kabotolo ka pulasitiki ka madzi kapambali pa radiyeta kaja. Kamatha kukhala kodzadza radiyeta ili yoperewera, ngati chivindikiro chatopa kapena kapayipi kolumikiza ziwirizi kang'aluka, chifukwa injini ikamazizira imalephera kuyamwanso madzi ake. Chivindikirocho n'chotchipa, ndipo pamwamba pake palembedwa mphamvu yake, nthawi zambiri 0.9 kapena 1.1. Gulani chofanana ndi chimene chinalipo.

Mukapeza kuti madzi ndi ochepa, kuwonjezera kokha sikuthetsa nkhani. Madzi a mu injini satha okha, alipo pamene akuthawira. Yang'anani zoyera kapena zofiirira zimene zaumira polumikizira mapayipi, m'mphepete mwa radiyeta ndi pansi pa pampu ya madzi. Gwirani kapeti ya pansi pa dashibodi. Ngati yanyowa, m'galimoto mukumveka kafungo kotsekemera ndipo galasi likuchita nthunzi yonanda yovuta kupukuta, ndiye kuti heater core yeniyeniyo ikudontha. Makaniko amene ali ndi kapampu koyezera amapopa mpweya m'radiyeta, pobooka n'kuonekera galimoto ili chiimire.

Choopsa ndi pamene madzi akutha koma pansi sipakudontha kanthu. Head gasket, chomatira chimene chimakhala pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, ikayamba kupsa, utsi wa mu injini umalowa m'njira za madzi, n'kumakankhira mpweya ku hita tsiku lililonse. Mumachotsa mpweya lero, mawa wabwereranso. Mukalizira injini yozizira chivindikiro chili chotsekula, mudzaona thovu likutuluka mosalekeza. Payipi yapamwamba imalimba msanga injini isanatenthe, ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha ngakhale dzuwa litakwera, ndipo nthawi zina oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Pali mankhwala obiliwira ngati mtambo amene amasintha mtundu akakumana ndi utsi wa injini. Pemphani kuti ayeze nawo musanavomere kuti mutu wa injini utsike, chifukwa ntchito imeneyo si yamasewera pathumba.

Nthawi zina mpweya umangotsalira pambuyo posintha payipi kapena radiyeta. Imikani galimoto potsetsereka mphuno ili kumtunda, ikani hita potentha kwambiri, tsekulani chivindikiro injini idakali yozizira, ndipo ilizeni mpaka payipi yapamwamba itenthe, mukuthira madzi pang'onopang'ono akamatsika. Injini zina zili ndi kabauti kotulutsira mpweya. Mawa lake onaninso.

Tsono ngati zikuchitika mosemphana, kuti hita imatentha m'tauni koma imazizira pamsewu wautali, kapena potsika chitunda ngati cha Chiweta kapena cha Golomoti, singano nayo n'kugwa pansi, vuto ndi thermostat. Ntchito yake ndi kutsekera madzi kuti asapite ku radiyeta yaikulu mpaka injini itatentha, ndipo m'mapikapu ambiri a dizilo imayamba kutsekuka pa madigiri 82 kapena cha pamenepo. Nambalayo imadindidwa pa thermostat pomwepo. Ikakanirira yotsekula, madzi amazungulira nthawi zonse ndipo mphepo ya pamsewu imawaziziritsa mopitirira. Injini ya dizilo, imene sitentha msanga ikakhala kuti siikukoka katundu, ndiyo imaonetsa zimenezi kwambiri.

Apa ndiyenera kudandaula za chizolowezi cha amakaniko anzanga ena. Galimoto ikangotentha kamodzi, amachotsa thermostat n'kuitaya, ati kuno n'kotentha, imeneyo ndi ya kwa azungu kumene kumagwa chipale. Sizoona. Toyota Hilux, Isuzu ndi Ford Ranger zimene zimapangidwa ku South Africa zimatuluka mufakitale zili nayo. Injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri, imafuka, ndipo imatha msanga. Chimene chinatenthetsa galimotoyo, kaya ndi radiyeta yotsekeka kaya fani, chimakhala chidakalipo, changobisika. Ngati munagula pikapu yogwiritsidwa kale ntchito ndipo singano siifika pakati, mwina thermostat mulibemo n'komwe. Ngati ilimo, itulutseni. Ikakhala yoyasamula ili yozizira, yafa. Ikakhala yotseka, iviikeni m'poto wa madzi pambaula muone ngati ikutsekuka madzi asanawire.

Madzi akakhala okwanira ndipo singano ili pamalo pake, tsekulani boneti injini itatentha, hita ili potentha, mugwire mosamala mapayipi awiri olowa kuseri kwa dashibodi aja, dzanja litalikire fani ndi malamba. Onse awiri ayenera kutentha. Imodzi ikamaotcha ina ili yofunda chabe, karadiyetako katsekeka. Timabowo take ndi tating'ono kwambiri, ndipo timatsekeka ndi dzimbiri komanso miyala ya m'madzi apamjigo amene ambiri amathira m'malo mwa coolant, mankhwala amadzi oziziritsa injini. Ufa wotsekera pobooka, ngakhalenso mazira amene ena amaswera m'radiyeta ali pamsewu, zimakathera komweko. Timamasula mapayipi onse awiri n'kulowetsa madzi oyera mobwerera m'mbuyo, mosakankha mwamphamvu, mpaka atuluke oyera. Dzimbiri lomwelo limadya mapiko a pampu ya madzi, moti pampu imazungulira koma osakankha mokwanira, zizindikiro n'kufanana ndi za madzi ochepa.

Mukatsuka, thiranimo coolant wolembedwa m'buku la galimoto yanu. Ngati ndi wosasungunula, sakanizani theka ndi theka ndi madzi a distilled, oyeretsedwa opanda mchere uliwonse. Ntchito yake si kuteteza chisanu chokha, amaletsanso dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira. Wakaleyo musamutaye pabwalo. Amatsekemera koma ndi poizoni, amapha galu, ndipo mwana akamwa ndi nkhani yothamangira kuchipatala.

Mapayipi onse akamatentha koma m'kati mukuzizirabe, injini ilibe mlandu, vuto ndi kachitseko kaja. M'mapikapu akale kamakokedwa ndi kawaya, ndipo kawayako kakapulumuka pogwirira pake, kachitseko kamasuntha kokha mukagunda mabampu pamsewu wafumbi. M'atsopano muli kamota kokhala ndi timano tapulasitiki, ndipo tikadyeka mumamva "ke ke ke" kuseri kwa dashibodi mukapotoza batani. Magalimoto ena ali ndi kampopi papayipi yolowera, nako kamakanirira.

Heater core ikabooka, kuisintha kumafuna kumasula pafupifupi dashibodi yonse, ndiye ambiri amangolumikiza mapayipi awiri aja pamodzi kuti madzi alambalale. Pofuna kukafika kunyumba zimenezi n'zololeka. Kungoti mukazisiya choncho, tsiku la chiperoni mudzayenda mukupukuta galasi ndi nsanza dzanja lina lili pachiwongolero. Ndipo pogula pikapu yakale, suzumirani kuseri kwa injini. Mukaona timapayipi tiwiri tachitsulo tili pululu popanda cholumikizidwa, dziwani kuti hitayo inaphedwa kale, ndipo mtengo woikonzera muuchotseretu pokambirana ndi wogulitsa.