N'chiyani chimakokera alendo ku miyala ya Chongoni?

Akuluakulu a m'midzi yozungulira Chongoni amakonda kutifunsa ife operekeza alendo kuti, "Zoona munthu n'kuchoka ku Germany, kulipira ndege, kukwera phiri thukuta lili kamukamu, kudzangoona mwala basi?" Funsolo n'lomveka, pakuti miyalayo iwo anakula akuiona podyetsa mbuzi.

Choyamba chimene chimakoka anthu ndi dzina. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi, chifukwa m'mapiri a ku Dedza amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale za pamiyala. Alendo ena amayenda motsata mndandandawo. Akachoka ku Cape Maclear, kumene paki ya m'nyanja inalembedwa mu 1984, amakhotera kuno. Otere sachedwa: zithunzi ziwiri zitatu, khofi ku Dedza Pottery, uyo wa ku Lilongwe.

Okhalitsa ndi amene amafuna kumvetsa. Pathanthwe limodzi mutha kupeza zojambula zamitundu iwiri. Zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, ndiye zakale kwambiri. Anajambula ndi Akafula, osaka nyama ndi kutola zipatso aja agogo ankawatcha Amwandionerapati. Pamwamba pake pamakhala zoyera, zopaka ndi chala, dothi lake lochindikala, zooneka ngati buluzi kapena ng'ona yotambasula miyendo. Izi n'za Achewa, ndipo zambiri zinali zophunzitsira atsikana pa chinamwali. Ku Namzeze, amodzi mwa malowa, kuli zojambula za zilombo za nyau, kasiyamaliro akuonekera bwinobwino.

Nkhani yagona apa. Mlendo akamva kuti chinamwalicho sichinathe, kuti anamkungwi akadalipo m'mudzi womwe wadutsa m'mawa uja, kuti Gule Wamkulu amatulukabe pamaliro ndi polonga mfumu, amasiya kamera n'kukhala pansi. Mafunso amayamba mbwee. Malo ambiri a zojambula zotere m'maiko ena eni ake anatha kalekale, kapena anasamutsidwa, koma kuno zidzukulu za ojambula zoyerazo zikulima m'munsi mwa phiri lomwelo.

Tsono pali mafunso amene woperekeza wodziwa ntchito sayankha. Za kudambwe saulula, za kutsimba chimodzimodzi. Anyamata ongoyamba kumene amaopa kuti mlendo akhumudwa n'kuwamana kangachepe, ndiye amapeka matanthauzo: ati ichi ndi mapu a mudzi, ichi ndi kalendala. Ine ndimawaletsa. Mlendo wozindikira amalemekeza malo kwambiri akauzidwa kuti, "Apa sindingapitirire, n'za amayi." Pamenepo wadzionera yekha kuti mwambowo uli ndi eni ake, ndipo n'zimene anadzera.

M'malo ena a m'Malawi muno mulinso oyenda kufunafuna makolo awo. A ku Scotland amakwera msewu wokhotakhota wa ku Livingstonia kukaona Stone House, nyumba ya mmishonale Robert Laws, chifukwa agogo awo kapena mpingo wawo unakhudzidwa ndi mishoniyo. Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku Manchester akabwera pa Khirisimasi, ena amatengera ana awo ku Mua, kukaona zigoba za gule mu nyumba ya Chamare, poti anawo Chichewa chikuwathawa. Amene amasonkhana ku mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Chiradzulu pa 15 Januwale kukumbukira John Chilembwe sangavomere n'komwe kutchedwa alendo okaona malo. Ndipo ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankasonkhanitsa akapolo asanawaolotse nyanja, munthu sapitirako chisangalalo. Amafuna kuponda pamalo pamene zinachitikira.

Chondidandaulitsa n'chakuti pokonza malowa timaganizira mlendo wa pasipoti yekha, chonsecho basi ya ana asukulu ndi imene ingadzaze njira ya ku Chentcherere, amodzi mwa malo a zojambula a ku Chongoni, chaka chonse. Ana amenewa akafika popanda wowafotokozera, amatola khala n'kulemba dzina lawo pamwamba pa chojambula. Akuluakulu nawonso salephera: ena amawaza madzi pamwala kuti utoto uwale pachithunzi, ena amagwiragwira ndi manja a thukuta. Dothi loyera lija silichedwa kusuluka, ndipo palibe mmisiri amene angalibwezeretse. Musanakwere, funsani woperekeza wa m'deralo, mumulipire moyenera, ndipo botolo la madzi likhale lakumwa basi.