Dzina lanu lidzakhala pati pa pepala la kafukufuku?

Munthu akangoyamba ntchito yophunzitsa pa yunivesite, digiri ya PhD ili yatsopano m'manja, sachedwa kuzindikira kuti kuphunzitsa kokha sikungamukweze. Komiti yokweza anthu pantchito imawerenga mapepala a kafukufuku amene iye wasindikiza m'magazini a akatswiri, ndipo imayang'ananso pamene dzina lake lakhala pa mndandanda wa olemba.

Mapepala ambiri masiku ano salembedwa ndi munthu mmodzi. Mu 2007, Stefan Wuchty, Benjamin Jones ndi Brian Uzzi anaunika mapepala pafupifupi 20 miliyoni a zaka 50, ndipo anapeza kuti kafukufuku wa m'magulu akuchulukirachulukira, komanso kuti ofufuza ena amatchula kwambiri mapepala a magulu kuposa a munthu mmodzi. Pepala lina la mu 2015 lofotokoza kulemera kwa Higgs boson, kanthu kakang'ono kwambiri kamene akatswiri a fizikisi amafufuza, linali ndi olemba oposa 5,000. Choncho wofufuza wachinyamata alibe kothawira, ayenera kugwira ntchito ndi ena. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene ambiri amalowera m'magulu amenewa: ali chete, poopa kuoneka amwano pamaso pa akuluakulu.

Zimayenda chonchi. Pulofesa akukuitanani kuti muthandize pa kafukufuku wake, inu n'kuvomera ndi manja awiri. Miyezi ikupita mukufunsa anthu mafunso, mukulowetsa mayankho mu kompyuta, mukukonza manambala olakwika usiku ena atagona. Pepala likatuluka, dzina lanu mukulipeza kumapeto kwenikweni, m'kagawo kothokoza amene anathandiza. Kagawo kameneko komiti yokweza anthu sikawerenga. Kawirikawiri palibe amene anachita kukonza chiwembu, kungoti nkhani ya mayina sinakambidwe, ndipo amene anali ndi mphamvu anagamula yekha.

Malamulo alipo. Bungwe la akonzi a magazini a zachipatala lotchedwa ICMJE, limene magazini ambiri amatsatira, limati wolemba akwaniritse zinthu zinayi: athandize kwambiri pokonza kafukufukuyo kapena potolera ndi kuunika zimene zapezeka, alembe nawo pepalalo kapena alikonze mozama, avomereze lomaliza lisanatumizidwe, ndipo avomere kuyankhapo ngati pabuka mafunso. Msampha uli pa mfundo yachiwiri. Wotolera deta, kutanthauza mayankho ndi manambala a kafukufuku, wakwaniritsa yoyamba, koma ngati palibe womutumizira pepala kuti aonepo, yachiwiriyo aikwaniritsa bwanji? A ICMJE anaziona zimenezi, ndipo amanena kuti aliyense wokwaniritsa mfundo yoyamba apatsidwe mwayi wolemba nawo ndi kuvomereza pepalalo. Ndiye mukapempha kuti akutumizireni pepala lisanapite, simukupempha chifundo.

Malo a dzina nawo amasiyana tanthauzo. M'maphunziro a zachipatala ndi biology, dzina loyamba ndi la amene wagwira ntchito yaikulu, lomaliza ndi la mkulu wa gulu. A masamu amakonda kungotsatira alifabeti. Ngati gulu lanu lasakaniza anthu a maphunziro osiyana, musaganize kuti nonse mukumva chimodzimodzi.

Nthawi yabwino yofunsa ndi pamsonkhano woyamba, anthu akadali kusekerana. Wolemba woyamba adzakhala ndani? Deta idzasungidwa kuti, ndipo kodi ine ndingatengepo gawo n'kulembapo pepala langa? Nanga wina akasiya ntchito pakati, dzina lake litani? Msonkhano ukatha, tumizani imelo yaifupi yoyamba ndi mawu akuti "Monga tinagwirizana", n'kulemba zonsezo. Pakapita zaka ziwiri aliyense amakumbukira zomukomera, koma imelo sisintha. Kuti zisavute, gwiritsani ntchito ndondomeko ya CRediT, imene imagawa ntchito ya kafukufuku m'magawo 14, monga kukonza njira yofufuzira, kusamala deta ndi kulemba pepala koyamba. Magazini ambiri amafunsa kale kuti wolemba aliyense anachita gawo liti. Mkulu woona mtima sakwiya ndi mafunso otere, ndipo amene akwiye wakuchenjezani nthawi ikadalipo.

Mukamagwira ntchito ndi ofufuza a dziko lina, makamaka ngati ndalama zikuchokera kwa iwo, nkhaniyi imakula. Chikalata cha Montreal cha 2013, chonena za kukhulupirika pa kafukufuku wochitira limodzi, chimalimbikitsa kuti ogwira ntchito limodzi agwirizane koyambirira za deta ndi za mayina a olemba, ndipo cha Cape Town cha 2022 chimatsindika chilungamo pakati pa mbali yolemera ndi yosauka. Wofufuza wa kumene kukuchitikira kafukufuku asakhale wongotolera zinthu kuti ena akalembe.

Palinso mbali imene achinyamata saiganizira. Mnzanu akakuuzani kuti wakuikani pa pepala limene simunaliwerenge n'komwe, zimaoneka ngati mphatso. Koma pepalalo likadzapezeka ndi manambala opeka, magazini n'kulichotsa, dzina lanu lidzakhala pomwepo, ndipo kunena kuti simunadziwe sikudzakuthandizani chifukwa munavomera mfundo yachinayi ija. Kanani mwaulemu, kapena pemphani gawo lenileni loti mugwirepo.

Pa zonsezi musaiwale kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ngati mapepala anu onse ali ndi dzina la amene anakuyang'anirani pa PhD, opereka ndalama za kafukufuku amakayika ngati mungathe kuima panokha. Pezani mnzanu wa msinkhu wanu wa pa yunivesite ina, muyambe kafukufuku wamng'ono amene inu mudzakhale wolemba woyamba. Lembetsaninso nambala ya ORCID, imene inayamba mu 2012 ndipo ndi yaulere, kuti mapepala anu onse azidziwika kuti ndi anu ngakhale mutasintha dzina kapena kusamukira ku yunivesite ina.