Alembi Atatu a ku Baghdad ndi Muyeso wa Zilembo za Chiarabu

Mabuku akale kwambiri a Qur'an analembedwa pazikopa ndi zilembo zopendekera zimene akatswiri amazitcha Hijazi, ndipo pambuyo pake kunafala kalembedwe ka Kufi, kotengera dzina la mzinda wa Kufa ku Iraq, kamene zilembo zake n'zamakona, zolemera ndi zotambasuka. Kalembedweka kanali kaulemu koma kochedwetsa, choncho alembi a boma ankalemba makalata ndi zilembo zokhota zofulumira, makamaka pepala litayamba kupangidwa ku Baghdad chakumapeto kwa zaka za m'ma 700.

Amene anaika lamulo pa zilembo zokhotazi ndi Ibn Muqla, yemwe anatumikira makhalifa atatu, olamulira dziko la Chisilamu ku Baghdad, monga nduna yaikulu. Nzeru yake inayambira pa kadontho kamakona anayi kamene cholembera cha bango chimasiya chikagunda pepala. Anati kutalika kwa chilembo choyamba, alifu, kuziyesedwa ndi timadontho timeneti, ndipo zilembo zina zonse ziziyenderana ndi bwalo lomwe m'mimba mwake mufanana ndi alifuyo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene luso linasanduka chinthu chophunzitsika, pakuti mphunzitsi akanatha kuloza cholakwika ndi kuchiyesa m'malo mongonena kuti sichikukongola. Ndale sizinamukomere mwamunayu: anamudula dzanja lamanja, ndipo anafera m'ndende mu 940.

Ibn al-Bawwab, mwana wa mlonda wa pakhomo amene anayamba ntchito monga wokongoletsa nyumba, anafewetsa malamulo aja kuti zilembo ziziyenda momasuka popanda kutaya muyeso. Qur'an imene analemba papepala ku Baghdad cha m'ma 1000 idakalipo ku nyumba yosungira mabuku ya Chester Beatty Library mumzinda wa Dublin ku Ireland.

Wachitatu ndi Yaqut al-Musta'simi, kapolo wa khalifa womaliza wa ku Baghdad, amene anapulumuka pamene a Mongol anawononga mzindawo mu 1258 n'kukhala ndi moyo mpaka 1298. Iye ankasema nsonga ya bango mopendeketsa kuti mzere umodzi uzitha kunenepa ndi kuwonda, ndipo anakonza bwino mitundu isanu ndi umodzi ya kalembedwe. Mwa mitunduyi, Thuluth amakongoletsera mizikiti, pamene Naskh ndi amene ana a m'madrasa ku Mangochi ndi ku Machinga amawerenga mu Qur'an zosindikizidwa.