Gasi amene anakana kuyaka ku Dexter

M'chaka cha 1903, anthu a m'katawuni ka Dexter, ku Kansas m'dziko la America, anakumba pansi n'kupeza gasi akutuluka mwamphamvu. Chimwemwe chinadzaza tsaya, poti gasi amabwera ndi mafakitale ndi ndalama. Anasonkhana kuti amuyatse khamu likuona, koma atayandikitsa mtolo wa udzu woyaka, gasi uja anangozimitsa motowo. Anayesanso, zomwezo. Anthu anabwerera kwawo manja ali m'khosi.

Patatha zaka ziwiri, Hamilton Cady ndi David McFarland a ku yunivesite ya Kansas anamupima gasiyo. Mbali yaikulu inali naitirojeni, koma munalinso heliyamu, pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse. Mpweya umenewu akatswiri anayamba kuuzindikira mu kuwala kwa dzuwa mu 1868, ndipo ankauyesa wosowa kwambiri pansi pano. Apa tsopano unali ukutuluka wokha m'nthaka ya America.

Pa nthawiyo zibaluni zikuluzikulu zouluka, zimene Ajeremani anazitchukitsa ndi dzina la Zeppelin, zinkadzazidwa ndi haidirojeni. Palibe mpweya wopepuka kuposa iye, ndipo kumupanga n'kotchipa. Heliyamu amalemera kuwirikiza kawiri, komabe chimene chimanyamula chibaluni ndi kusiyana kwa kulemera pakati pa mpweya wam'kati ndi wakunja. Kiyubiki mita imodzi ya haidirojeni imanyamula makilogalamu pafupifupi 1.2, ya heliyamu 1.1. Kusiyanako n'kochepa. Chachikulu n'chakuti haidirojeni akasakanikirana ndi mpweya timapumawu, kamoto kakang'ono kamakwanira kuti aphulike, pamene heliyamu sayaka ngakhale pang'ono.

Amereka anaphunzira zimenezi ndi maliro. Mu February 1922 chibaluni cha asilikali awo chotchedwa Roma chinagunda mawaya a magetsi ku Norfolk, ku Virginia, n'kupsa, ndipo anthu 34 anafa. Kuchokera apo anasiya haidirojeni. Mu 1925 boma linaika heliyamu m'manja mwake, mu 1927 linatseka zomugulitsa kunja, ndipo linamusunga pansi pa nthaka kufupi ndi Amarillo ku Texas.

Apa m'pamene nkhaniyi imandikhudza. Amene anamanga chibaluni chachikulu chonyamula anthu chotchedwa Hindenburg ku Friedrichshafen, m'dziko la Germany, sanali mbuli. Hugo Eckener, mkulu wa kampani ya Zeppelin, ankadziwa bwino zimene zinachitikira R101, chibaluni cha ku Britain chimene chinagwa n'kupsa kufupi ndi Beauvais ku France mu 1930, anthu 48 n'kutaya miyoyo. Hindenburg inakonzedwa ndi maganizo oti idzagwiritse ntchito heliyamu. Koma heliyamu wokwana kudzaza chimphona cha mamita 245 m'litali anali ndi dziko limodzi lokha, ndipo dzikolo linali litatseka chitseko. Choncho anathiramo haidirojeni, makiyubiki mita pafupifupi 200,000, podalira kuti luso lawo la zaka zambiri liwateteza.

Madzulo a pa 6 May 1937, Hindenburg ikutera ku Lakehurst ku New Jersey m'dziko la America, moto unabuka chakumbuyo. Mphindi imodzi isanathe, chibaluni chonse chinali pansi chikuyaka. Mwa anthu 97 amene anakwera, 35 anafa, ndipo munthu winanso mmodzi wogwira ntchito pansi anafa. Chimene chinayambitsa motowo anthu amatsutsanabe, ngakhale ofufuza a nthawiyo analoza magetsi a mumlengalenga amene anakumana ndi gasi wotayikira. Makamera anajambula ngoziyo ndipo inaonetsedwa m'makanema m'mayiko ambiri. Palibenso amene anafuna kugula tikiti yokwera pansi pa haidirojeni.

Ngozi itachitika, America inafewetsa lamulo kuti Ajeremani agule heliyamu. Koma mu 1938, Hitler atalanda Austria, nduna ya boma la America, Harold Ickes, anakana kusaina poopa kuti mpweyawo ukathera ku nkhondo. Mu 1940 Ajeremani anaphwasula mazepelini awiri amene anatsala.

Tisaiwale kuti heliyamu amateteza ku moto wokha basi. USS Akron, imene inali chibaluni cha asilikali a panyanja a ku America, inali yodzaza ndi heliyamu, koma mu 1933 mphepo yamkuntho inaigwetsera m'nyanja ya Atlantic ndipo anthu 73 anafa, kuposa a pa Hindenburg. Ku Friedrichshafen, mazepelini ang'onoang'ono otchedwa Zeppelin NT akhala akuuluka kuyambira mu 1997, kunyamula alendo pamwamba pa nyanja ya Constance, ndipo onse amadzazidwa ndi heliyamu.